Madzi Osamba M'manja a Ba Sitali

Ba Sitali Mubiana tinawaika m'manda Lachinayi masana, kutentha kwa Okutobala kuli pachimake. Anthu sanali ambiri. Panali a kutchalitchi kwathu, matelala anzawo a m'tauni, ndi achibale ochepa omwe anatsika basi ya ku Senanga m'mawa womwewo. Mai Mweemba, mnansi wawo wachitonga, anachita zomwe Atonga amachita pa maliro a Mlozi. Anaima pamutu pa bokosi n'kuyamba kuwanyoza.

"Iwe Sitali, uka! Wagona mu suti monga uyenda ku intavyu. Nanga dilesi yanga ya Khisimasi azasiliza ndani? Alozi ulesi!"

Anthu anaseka pang'ono. Iwonso anaseka, kenaka anakhala pansi m'fumbi n'kulira kuposa tonsefe.

Abusa atapempha kuti mwana wa malemu aponye dothi loyamba, palibe anabwera kutsogolo. Mwana analipo mmodzi yekha, Inambao, ndipo palibe ankadziwa komwe ali. Dothilo anaponya mng'ono wawo wa malemu. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti mdalayu anachita kuthamangitsa yekha mwana wake chifukwa cha kuuma mtima. Ku Dambwa, komboni yomwe ankakhala, ambiri amakhulupirira zimenezo. Ine ndinalipo tsiku lomwe awiriwa anaonana komaliza, ndipo sizinayende choncho.

Ine ndine Tembo, wa kum'mawa, ndipo ndinapuma ntchito kunjanji. Ba Sitali ndinawadziwira pa benchi ya kutchalitchi. Akazi athu anamwalira motsatizana, ndiye tinazolowera kubwerera limodzi kunyumba tikaweruka, nthawi zambiri osalankhula. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, wamtali, wakuda bii, wowongoka ngati mlongoti. Munthu akawapatsa moni ankayamba ayang'ana mpendero wa thalauzi lake, kenaka nkhope. Tepi yopimira sinkachoka m'khosi mwawo kupatula Lamlungu.

Moyo wawo wonse anali wodula nsalu pa fakitale ina ya zovala ya Amwenye. Salaula, zovala za kaunjika zija, itadzaza misika, mafakitale a m'tauni muno anayamba kutseka imodzi imodzi, ndipo yawoyo inatsekanso. Anatuluka ndi makina akale opalasa ndi phazi, n'kukakhala nawo pakhonde la sitolo ina. Ntchito yomwe inkabwera inali yochepetsa zovala za salaula zomwezo.

"Ba Tembo, onani," anandiuza tsiku lina atakweza thalauzi lalikulu ngati thumba la chimanga. "Ine nenze kudula masuti ya maloya. Manje nichepesa mathalauzi ya azungu akufa."

Koma thalauzilo analisoka mosamala ngati la mkwati. Ankanena kuti nsalu ukaidula wadula, ndipo kulira sikuibwezera. Mawu awonso ankawatenga chimodzimodzi. Ankachedwa kulankhula, koma chomwe anena pamaso pa anthu sankachibweza, ngakhale chiwapweteke iwo omwe.

Pa zakudya anali ndi malamulo awo. Sankadyera pamsewu kapena ataimirira. Sankagwira chakudya madzi asanabwere, ndipo madziwo sankawaitanitsa. Kwawo, ankatero, wamng'ono ndiye amabwera ndi beseni ndi jagi, kugwada, n'kuthirira wamkulu. Wamkulu akafika pochita kupempha, ndiye kuti walengeza kuti m'nyumbamo ana sanaleredwe. Akazi awo atamwalira, ankadzitengera okha madziwo n'kuwaika pambali asanakhale pansi, kuti akakhala awapeze alipo kale. Ndinaziona zimenezi kambirimbiri, ndipo ndinkaziwerengera pamodzi ndi tepi ya m'khosi ija, ngati zizolowezi chabe za munthu wokalamba.

Zaka zawo zomaliza zinali zoipa, ndipo sindifuna kuzikometsa. Maso anayamba kuchita nkhungu, ulusi n'kumakana kulowa m'singano. Akamva kuti pa malo oimikapo malole pafika madalaivala ochokera kumwera, ankatseka makina n'kupita kukafunsa ngati wina anaonapo mnyamata wamtali wa tsitsi lopota. Madalaivalawo anafika powazolowera. Ena ankawanamiza kuti awasangalatse, wina ati anamuona ku Francistown, wina ati ku Durban. Ankabwerako atawala nkhope, mawa lake n'kuzimiranso.

Mkangano wathu waukulu unali wa nthawi imeneyo. Ndinawauza tsiku lina kuti Mulungu ali ndi nthawi yake, mwanayo adzabwera. Anaima pakati pa msewu.

"Ba Tembo, osanipasa Mulungu monga pilisi ya mutu. Imwe munamuona Inambao ku maloto? Anakuuzani siku?"

Ndinati ayi.

"Ndiye nkhalani chabe zii. Tiyende."

Sanandilankhule mpaka mwezi unatha. Kutchalitchi sanasiye kubwera, koma anasiya kuimba. Ankatsegula buku la nyimbo pa tsamba loyenera n'kumangoliyang'ana. Ine ndimakhulupirirabe zomwe ndinawauzazo, koma sindinazibwerezenso pamaso pawo.

Chiyambi cha zonsezi chinali chakale. Inambao anakana makina osokera. Anayamba kugulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, kenaka anapeza ntchito yopalasa mabwato a mphira otengera azungu m'mafunde a kumunsi kwa mathithi aakulu a pafupi ndi tauni ino. Anasiya kumeta, tsitsi n'kulipota. Lamlungu ankakhala ali pamadzi. Zonsezo bambo ake anazipirira mokukuta mano. Koma pa tsiku lokumbukira amayi ake, chaka chitatha chimwalirireni, Inambao sanaoneke kumanda chifukwa anali ndi alendo pamtsinje. Anafika madzulo anthu akudya, n'kukhala pafupi ndi bambo ake kuti adye nawo. Ba Sitali anakoka mbale. Ananena pamaso pa tonse kuti dzanja lawo ndi la mwanayo sizidzakumananso m'mbale imodzi. Inambao anasamukira ku komboni ya Maramba kwa anzake, ndipo zaka zinadutsa akungopatsana moni wa pamsewu.

Tsiku lina mnyamatayo anandipeza kunyumba. Anakhala pampando chipewa chili m'manja.

"Ba Tembo, nifuna munithandize. Napeza nchito ku South, niyenda sabata ya mawa. Sinifuna kuyenda so chabe, na mudala tikalibe kudya pamozi."

Ndinamukumbutsa kuti bambo ake sabweza mawu.

"Niziba. Ndiye chifukwa nifuna tikadye kwa amwenye kuja, ku njila ya ku Highlands. Kuja vakudya vibwela mu tumbale pakati pa tebulo, aliyense atapa mwamene umo, na manja. Mudala sazafunika kukamba ati nakukhululukila. Azangodya chabe. Imwe muzaona, ine nizaona, kwasila."

Ndinaona kuti mwanayo waganiza mozama, ndipo ndinakapereka uthengawo. Ba Sitali anapitiriza kupalasa makina mpaka msoko unatha, anadula ulusi ndi mano, n'kunena kuti Loweruka masana ali ndi mpata, koma ndipite nawo. Za ulendo wa ku South sananenepo kanthu. Sindinadziwe ngati akupita kukadya kapena kukamaliza mkangano.

Anavala suti yawo yotuwa, yomwe tinawaika nayo m'manda. M'minibasi anakhala chowongoka, manja pamaondo, kondakitala akuwaseka kuti ba mudala lero ayenda kukwatira.

Malo odyerawo anali m'nyumba yakale ya khonde lalikulu, ya zitseko zagalasi, mitengo ya mango itazungulira. Ba Sitali ankawadziwa, chifukwa nsalu za pamatebulo ndi malaya a operekera zakudya anasoka ndi iwo. Koma nthawi zonse ankazipereka kukhomo la kuseri, kukhitchini. Titafika pageti, mapazi awo anakhotera okha kuseriko. Inambao, yemwe ankatidikira pakhonde, anathamanga n'kuwagwira pachigongono.

"Bo Ndate, ni kuno. Kusogolo."

Ankawaitana choncho, kutanthauza kuti bambo m'Chilozi cha kwawo. Tsitsi anali atalimanga kumbuyo, ndipo anavala shati ya manja aatali yomwe inaoneka kuti ndi yobwereka.

M'katimo munali mozizira ndi modera pang'ono. Mafani ankazungulira kudenga, pansi panali kapeti yomeza mapazi, ndipo penapake pankalira nyimbo ya zingwe yopanda mawu. Fungo la lubani linasakanikirana ndi la anyezi wokazinga. Pa tebulo lina panali azungu ovala akabudula, ofiira ndi dzuwa. Pena panali banja la Amwenye ndi agogo awo, pena mabwana a m'boma atamasula mataye. Mayi mwini malowo anatiyang'ana ali pakauntala, ndipo anamwetulira mokoma mtima ndithu.

"Aa, telala! Lelo mwabwela kudya?"

Ba Sitali anawerama pang'ono monga ankachitira kukhomo la kuseri. Titakhala pansi, chala chawo chinapita pa mpendero wa nsalu ya patebulo n'kuyenda nawo mpaka pakona. Sanakwezenso maso kuyang'ana aliyense wa m'nyumbamo.

Inambao anaitanitsa zakudya mosayang'ana n'komwe pa pepala. Kenaka anadzuka, n'kubwerako akupukuta manja.

"Bo Ndate, ngati mufuna kusamba, ni chiseko chija."

Analoza chitseko cha pakona, chomwe chinali ndi chithunzi cha kamunthu kovala chipewa. Ba Sitali anachiyang'ana, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Sininabwele kuno kuzaona chimbuzi."

Ine ndinapita, ndipo ndinapeza sinki yoyera ndi sopo wonunkhira pafupi ndi zimbudzizo. Yankho lawolo ndinalitenga ngati mkwiyo wakale uja.

Zakudya zinabwera ndi woperekera wovala malaya oyera. Anayala timbale tamkuwa pakati pa tebulo: nyama ya mbuzi ya msuzi wofiirira, mphodza zachikasu, masamba ophikira tchizi, mpunga wautali wonunkhira. Nkhuku yofiira inabwera ikulira pa chitsulo chamoto. Panali buledi wopyapyala wotentha m'kadengu, wonyezimira ndi mafuta. Patsogolo pa bambo ake Inambao anaikitsa tambula ya mkaka wowawasa wozizira.

"Iyi ili monga mabisi ya kumunzi, Bo Ndate. Muzaikonda."

Ba Sitali anati tipemphere. Anapemphera m'Chilozi, motsitsa mawu, nthawi yaitali. Chilozi ndimamva chochepa, koma dzina la Inambao ndinalimva likubwerabwera. Nditatsegula maso ndinaona mnyamatayo akupukuta nkhope ndi mkono wa shati. Ndinati mumtima, Ambuye, zatheka.

Atati ameni, anakweza manja awo onse awiri, n'kuwatsamiritsa m'mphepete mwa tebulo.

Ife sitikanayamba wamkulu asanayambe. Tinadikira. Inambao anang'amba buledi uja n'kukankhira kadenguko kwa bambo ake.

"Idyani, Bo Ndate. Iyi ni mbuzi. Nabauza kuti basafake mpilipili yambili."

"Nizadya."

Koma manja sanasunthe. Ankayang'ana mwana wawo, kenaka chitseko cha kukhitchini, kenaka mwana wawo. Nkhuku ija inasiya kulira pa chitsulo. Nthunzi inatha pa mpunga. Pamwamba pa msuzi wa mbuzi panayamba kuundana mafuta. Pa tebulo la azungu wina anaseka kwambiri.

"Manje mulindila chani?" anafunsa Inambao.

Ba Sitali anandiyang'ana ine kaye, mlendo wa patebulopo, n'kutsitsa maso.

Woperekera uja anabwera n'kuwerama. "Ba bosi, vakudya vili na pulobulemu?"

"Vili che bwino," anatero Inambao osamuyang'ana. Munthuyo atachoka, anatsamira patebulo n'kulankhula motsitsa. "Naona manje. Mwavala suti, mwakwela basi, mwapemphela, kuti muzanionese kuti mau yanu ni yakulu kupambana ine."

"Mwana iwe, uziba chamene chifunika."

"Chani? Nigwade pano pa banthu? Nimete sisi langa na mpeni ya pa tebulo?" Anayamba kudzuka pampando.

"Nkhala pansi."

"Nankhala pansi zaka zingati, Bo Ndate?"

Inambao anaimirira, anapita pakauntala, analankhula ndi mayi uja mwachidule, n'kutuluka pa chitseko chagalasi. Ndinadzuka kuti ndimutsatire, koma Ba Sitali anandigwira mkono wa jekete mwamphamvu.

"Musiyeni. Wamvela manje. Ayenda kutenga."

Sindinamvetse kuti akatenga chiyani. Ndinakhala pansi chifukwa nkhope yawo inali yodekha, ngati ya munthu amene zinthu zayamba kumuyendera.

Kumalo amenewo, monga ndinadziwira tsiku lomwelo, madzi amabwera pomaliza. Anthu akatha kudya, amawabweretsera timbale ta madzi ofunda tokhala ndi kachidutswa ka ndimu, kuti achotse mafuta kuzala. Woperekera uja ataona kuti mwini tebulo walipira ndipo wapita, anabwera ndi timbale totero n'kuika kamodzi patsogolo pa aliyense, ngakhale pa mpando wopanda munthu uja.

Ba Sitali anapumira m'mwamba. Anakwinya manja a jekete, anamasula mabatani a shati, n'kuviika zala m'kambaleko. Anasamba chala chimodzi chimodzi, mosafulumira, kandimu kaja akukakankhira pambali. Anapukuta ndi kansalu, n'kundiyang'ana akumwetulira, koyamba tsiku limenelo.

"Mwaona? Anachedwa chabe. Muitaneni manje, tidye."

Anatambasula dzanja kuti atape m'mbale ya mbuzi ija. Koma woperekerayo anali ataikweza kale, n'kuisanjika pamkono pamodzi ndi ya mphodza.

"Tikupakileni, ba mudala? Muzadyela kunyumba?"

Apo m'pamene ndinamvetsa. Ndinathamangira panja. Msewu unali mbee ndi dzuwa, wopanda munthu, kupatula mlonda yemwe anati mnyamata wa tsitsi uja wakwera takisi. Nditabwerera ndinapeza tebulo layeretsedwa, Ba Sitali ali chikhalire, manja osambawo ali m'mwamba.

"Ali kuti?"

Ndinawauza kuti wapita. Ndinawauzanso kuti madziwo sanatumize ndi Inambao, ndi mwambo wa pamalopo, ndipo tanthauzo lake n'lakuti kudya kwatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Manzi pa lasiti?"

"Inde."

"Ine nenze kulindila manzi, Ba Tembo. Kuchoka m'mawa sininadye. Nenze nabwela kudya na mwana wanga."

Ndinawafunsa chifukwa chomwe sananenere. Anati akanatha bwanji kunena pamaso pa ine, ndi pamaso pa Amwenye omwe amawatcha telala, kuti mwana wa Mubiana sadziwa kuthirira bambo ake madzi.

Tinapita ku Maramba wapansi, chifukwa anakana kudikira minibasi. Njira yonse manja anawatalikitsa ndi thupi, ngati akuopa kuwadetsa. Anzake a Inambao anati anafika, anatenga chikwama chake, n'kukwera lole yopita kumalire ku Kazungula, osadikiranso sabata yomwe ananena. Tinatumiza mawu kudzera mwa anyamata a pamtsinje ndi madalaivala. Ngati mawuwo anamupeza, sanayankhe. Ngati ali moyo, akudziwabe kuti bambo ake anakhala patsogolo pa mbale imodzi ndi iye n'kukana kudya.

Ndayesa kupeza wolakwa pa nkhaniyi ndipo ndalephera. Mnyamatayo anali atadyera m'mbali mwa mtsinje ndi alendo kwa zaka zambiri, ndipo anawalozera bambo ake kosambira monga aliyense wa m'tauni akanachitira. Woperekerayo anachita ntchito yake. Ndapempherapo kuti ndione chomwe Mulungu ankafuna pamenepa, ndipo sindinaonetsedwe kanthu. Ba Sitali sanatchulenso za tsikulo. Anangoyamba kuchepa m'suti yawo, ndipo sanaichepetse.

Dzulo ndinapita kunyumba kwawo ku Dambwa kukapereka kiyi kwa mwini nyumba. Achibale a ku Senanga ananyamula zonse: makina, bedi, mipando, ngakhale waya woyanikapo zovala. Zipinda ziwirizo zikumveka ngati m'tchalitchi mkati mwa sabata. Pakhoma patsala mabanga oyera pomwe panali kabati ndi kalendala. M'chipinda chomwe chinali cha Inambao zenera latsala lotsegula, ndipo masamba ouma alowa n'kuunjikana pakona. Kuseri, mpanda womwe njovu zinagwetsa chaka chatha uli chigwere, ndipo mbuzi za eni ake zikudya zitsa za repu m'kadimba.

Mwini nyumbayo akuti kumapeto kwa mwezi kulowa banja lina lochokera ku Kitwe. Ndinamupempha kuti awauze dzina la yemwe ankakhalamo, kuti mwina tsiku lina munthu wamtali angadzagogode n'kufunsa. Anavomera, akuyesa kiyi pachitseko. Kenaka anandifunsa kuti paja mdalayo dzina lake anali ndani.